Nyambo ya a Tolani

Lole inali itafika kale pamene Kamba ankaimika galimoto yake yophunzitsira anthu kuyendetsa. Inali itatseka theka la msewu, injini ikungolira, ndipo dalaivala wake ankayang'ana wotchi pafupipafupi kuti aliyense aone kuti munthu akuchedwetsedwa. Achimwene ake a Kamba ankayendayenda pakhomo pa shopu, foni ili kukhutu, shati itanyowa kumsana.

"Bola wafika," anatero atamuona. "Kalankhule nawo bambo akowo. Ine ndalephera."

Achimwene akafika ponena kuti "bambo ako", ngati kuti iwo anachita kugwa kumwamba, ndiye kuti zinthu zathina.

Nkhani yake panalibe wosaidziwa mumsewumo. Bambo awo, okonza mawailesi ndi ma TV, ankakhala okha m'kachipinda ka kuseri kwa shopu chimwalirireni mayi. Poyamba zinali zoseketsa: kufunafuna magalasi ali pamphuno, kupatsa kasitomala wailesi ya munthu wina. Kenako anayamba kusochera pochokera kogula buledi, mumsewu womwewo umene analereramo ana awo. Ndiye sabata yathayi anasiya chitsulo chowotcherera mawaya chili chiyakire n'kutuluka. Akanapanda wometa tsitsi wa khomo loyandikana nalo kumva fungo, bwenzi mzere wonse wa mashopu uli phulusa. Dokotala sanabise mawu, anauza anawo kuti mutu wa mdalayo wayamba kutaya zinthu ndipo uzingotayabe. Achimwene anakonza chipinda kunyumba kwawo, nakabwereka lole. Chimene chinatsala n'kunyamula mwini katunduyo.

Kamba analowa. Fungo la utsi linali lisanathe. Ma TV akale anali osanjikizana mpaka kudenga, mawailesi ali mimba pamtunda, mawaya akulendewera pamisomali. Tebulo logwirira ntchito linali litapsa mbali imodzi, lakuda ngati makala. Kumbali yotsalayo kunali bolodi la chesi, magulu onse awiri atafola kale, oyera ndi akuda. Bambo ake anali atakhala kumbali ya oyera, atavala jekete ndi tayi ngati akupita kubwalo la milandu.

"Khala pansi, Kamba."

"Bambo, lole ikudikira."

"Idikire. Ndinaiitana ndine? Ndiuze, pakhomo panga mlandu umathera pati?"

Kamba anausa moyo. Kuyambira ali ana, mkangano uliwonse m'nyumba mwawo unkathera pa bolodi limenelo. Wotsuka mbale ndani, kudansi upita kapena supita, zonse zinkagamulidwa pamenepo. Ngakhale tsiku limene iye anafuna kusiya kosi ya usekilitale kuti akaphunzire galimoto, anachita kusewerera ufulu wakewo masana onse mpaka mdalayo anagonja. Mayi awo ankati ndi misala, koma lamulolo silinaswedwepo. Achimwene okha ndi amene anathawa masewerawa akadali mnyamata, atagubuduza bolodi chifukwa chodyeredwa kwini, mfumukazi ya pa bolodipo.

"Ukandigonjetsa, ndikwera loleyo ndekha popanda wondigwira mkono," anatero bambo. "Ndikakugonjetsa, mchimwene wako auze dalaivala wakeyo azipita, ndipo nkhani ya chipinda ndisaimvenso."

"Zachibwana izi!" anakalipa achimwene ali pakhomo. "Moyo wa munthu tiuike pa tizidole?"

Koma atangotero maso awo anayamba kuyendayenda. Anakodola Kamba n'kutuluka naye panja, kuseri kwa lole kumene injini inkaphimba mawu.

"Vomera," ananong'ona. "Koma usatole kanthu. Utseke zitseko zonse monga umachitira muja, uwachedwetse. Dokotala anati sangagwire chinthu chimodzi nthawi yaitali. Atopa okha, asokonezeka, basi wapambana. Ndipo akwera mosakangana chifukwa lamulo ndi lawo lomwe."

Kuti mumvetse za kutolako, muyenera kudziwa chifukwa chake msewu wonse unkawatchula bambowa kuti a Tolani. Akakhala ndi oyera, ankakankha poni wa patsogolo pa mfumu, kamsilikali kakang'ono kaja. Mnzawo akayankha, ankakankha poni wachiwiri molunjika m'kamwa mwa mdani, n'kufuula kuti, "Tolani!" Ukatola, ankakuponyera wina. Ukatolanso, winanso. Iwo ankati imeneyo ndi nyambo. Munthu wadyera ankasangalala kuti wapata zaulere, koma podzadzutsa mutu ankapeza asilikali ake onse akadali mtulo kunyumba, pamene mabishopu a mdalayo ali kale panja, akusuzumira mfumu yake. Aphunzitsi, apolisi, ngakhale abusa ena ake, onse analirapo pa tebulo limenelo.

Kamba yekha ndi amene sankatola. Akaona nyambo ankasuntha poni mmodzi pang'ono, n'kutseka chitseko, n'kulowa m'chigoba, kudikira kuti mphepo idutse. Dzinalo linachokera pamenepo. Ndipo ntchito inamupeza yomuyenera: tsiku lonse kukhala pambali pa anthu amantha ndi anthu aliwiro, phazi lili pamwamba pa buleki.

Anabwerera m'shopu mtima uli m'mwamba. Chomwe chinkamuwawa n'chakuti achimwene ankanena zoona. Njira yake inalipo, yosavuta, ndipo iye ankaidziwa kuposa aliyense. Anakoka kampando n'kukhala kumbali ya akuda, koma sankadziwa chimene ankafuna. Akapambana, awalanda bambo ake shopu ndi dzina lomwe. Akagonja, tsiku lina adzaitanidwa kudzaona phulusa.

Bambo anakankha poni woyamba. Kamba anayankha ndi wake. Kenako dzanja la mdalayo, lokhala ndi zipsera za ntchito ya mawaya, linagwira poni wachiwiri n'kumutsetsereza pakati pa bolodi.

"Tolani!"

Mawuwo anatuluka amphamvu, ngati kale. Panja hutala ya lole inalira. Kamba anatambasula dzanja kulinga kwa poni wotsekera chitseko, koma zala zinakana kugwira. Kupambana kotereku kunali kukhala pansi n'kumayang'ana kandulo mpaka ithe yokha. Ndiponso panali funso lina limene linkamudya mumtima chiyambireni matendawa: kodi munthu wotaya maponiyu ndi a Tolani otchera nyambo, kapena ndi nkhalamba imene ikungotaya zinthu monga inatayira njira ya kogula buledi? Pa bolodi ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Nyambo suidziwa pongoiyang'ana, umaidziwa ukaimeza.

Anatola.

"Iwe!" anatero achimwene kumbuyo kwake.

Bambo anatukula nsidze. Mosachedwa anakankha poni wina. "Tolani."

Kamba anatolanso. Mdalayo sanabweze n'komwe, anangotulutsa bishopu n'kumuimika poonekera, akusiya poni wachitatu ali yekhayekha. Kamba anatola ameneyonso. Bishopu wachiwiri anadya poni wake wadyerayo n'kukhazikika pakona, ndipo mabishopu awiriwo anaima moyandikana, onse akuloza kumene kunali mfumu yake.

"Anthuni!" Bambo anamenya tebulo mpaka phulusa linadumpha. "Kamba watuluka m'chigoba lero! Wometa! Bwera udzaone malodza kuno!"

Wometa uja anabweradi, lumo lili m'manja. Kumbuyo kwake kunabweranso kasitomala wake, nsalu ili m'khosi, mutu wometedwa mbali imodzi. Anaima pakhomo n'kutsekereza kuwala, ndipo m'shopumo munayamba kutentha ngati mu uvuni.

Kamba anayang'ana gulu lake. Maponi anali nawo ochuluka, inde, koma ena onse anali chigonere pamzere wakumbuyo ngati ana asukulu tsiku lopuma. Anatulutsa hatchi imodzi. Bambo anatulutsa yawo, akuimba chamumtima kanyimbo kosamveka mutu. Kamba anayesa kutsegulira bishopu wake njira, mdalayo anabisa mfumu yake pakona n'kubweretsa nsanja pakati. Chilichonse chimene Kamba ankachita chinkakhala chochedwa ndi sitepe imodzi, monga munthu wothamangira basi imene yanyamuka kale.

Foni yake inanjenjemera m'thumba. Anadziwa kuti ndi wophunzira wake, mayi wina amene ankayesedwa mawa lake ndipo anali asanathebe kubwerera chambuyo osagunda mgolo. Anaisiya. Inanjenjemeranso. Panja mwini shopu ya nsapato anayamba kukangana ndi dalaivala kuti lole ikumubisira makasitomala. Achimwene ankatuluka kukapepesa, n'kulowanso kudzaima kumbuyo kwa Kamba, kupumira m'khosi mwake, n'kutulukanso. Phazi la Kamba linkangopondaponda pansi pa tebulo, kufunafuna buleki amene panalibe.

"Ukuganiza chiyani nthawi yonseyi?" anamuseka bambo. "Kudya unadya mothamanga. Tafuna tsopano."

"Ndikutafuna, bambo."

"Zaulere zimatsamwa, mwana wanga. Ndinakuuza uli ndi mano a mkaka."

Asaname munthu, Kamba sanawalekerere. Anasewera ndi nzeru zake zonse, thukuta likutsika m'msana. Anaona kuti njira yopulumukira inali kubweza zimene anadya, choncho anakankha poni wake wapakati kuti adyedwe, apeze mpata wopumira. Bambo anayang'ana mphatsoyo n'kupukusa mutu.

"Chimene ndapereka sindilandanso. Ndine wa katapila ine?"

M'malo mwake analumphitsa hatchi yawo kuwoloka pakati, n'kuiimika pafupi ndi mpanda wa mfumu ya Kamba. Wometa analiza kamluzu.

"Ndiye a Tolani amenewa," anauza kasitomala wake. "Ine anandimeta popanda madzi pa tebulo lomweli."

"Inu mundimalize kaye ineyo," anadandaula kasitomalayo, koma sanasunthe.

Kamba anakweza maso n'kuwayang'ana bambo ake. Nkhope yawo inali itabwerera. Milomo imene miyezi yonseyi inkangofunafuna mawu inali itamangika bwino, maso akuthwa, msana wowongoka. Ankadziwa pamene panali chilichonse, ankaona kutsogolo kumene Kamba sankaona. Chimwemwe chinamudzaza mumtima. Bambo ake analipo, athunthu, pamaso pake. Mwina dokotala anakokomeza. Mwina kunali kutopa chabe, kapena kusungulumwa. Koma chigongono chake chinali pa thabwa lakupsa, ndipo atachichotsa anaona kuti dzanja la bulauzi lada ndi makala. Mantha anabwerera pomwepo, nakhala pambali pa chimwemwecho.

"Ukugonja dala," ananong'ona achimwene m'khutu mwake.

"Sindikugonja dala."

"Ndinakuuza chiyani ine panja paja? Akakapsa usiku udzati chiyani?"

"Achimwene, chokani kumbuyo kwanga."

"Musiye mwana asewere," anatero bambo osadzutsa mutu. "Iwe unathawa nkhondo kalekale. Wothawa salamula asilikali."

Anthu a pakhomo anaseka, ndipo achimwene anatuluka akung'ung'udza. Hutala inaliranso, ulendo uno motalika.

Kamba anathamangitsa hatchi ija ndi poni, koma bambo sanaibweze. Anatulutsa kwini, mfumukazi yawo, kuchoka kunyumba mpaka m'mphepete mwa bolodi, n'kumuika pansi mwakachetechete ngati munthu woika dzira. Kamba anayang'ana bolodi, nauona msamphawo. Akadya hatchi, kwini alowera uku. Akatseka uku, bishopu wa pakona uja atsegukira. Anafufuza paliponse, kubwerezabwereza, ngati wofuna kiyi m'matumba amene wawapisa kale. Pomaliza anasuntha chomwe akanatha kusuntha, akudziwa kuti sichikwanira.

Tsopano zinali poyera. Kwini angodya poni wa pambali pa mfumu, hatchi ikumuteteza, basi nkhani yatha. Ngakhale kasitomala wa mutu watheka uja, amene sankadziwa chesi, anaona pankhope za anthu kuti nyama yagwa. Wometa anayamba kale kumwetulira. Kamba anatsamira kumbuyo. Anali atagonja mwachilungamo, ndipo anadabwa kuona kuti mtima wake wapepuka.

Bambo anatukula dzanja. Linapita pamwamba pa kwini, n'kuima m'malere.

Kamba anadikira. Mdalayo ankakonda kuchedwetsa nkhonya yomaliza kuti anthu aimve kukoma. Koma dzanjalo linasuntha pang'ono kupita pa bishopu, kenako pa hatchi, kenako linawoloka n'kukaima pamwamba pa nsanja yakuda ya Kamba. Kanyimbo kaja kanali katasiya. Injini ya lole inkamveka ngati ili m'shopu momwemo. Dzanja linatsika pang'onopang'ono n'kukagona pa tebulo.

Bambo anayang'ana bolodi, nayang'ana anthu a pakhomo, nayang'ana Kamba. Anawerama n'kufunsa motsitsa mawu, mwaulemu, ngati mlendo wofunsa njira:

"Kodi ine ndine oyera kapena akuda?"

Wometa anayang'ana lumo lake. Achimwene anali atabwerera ndipo anaima pakhomo, foni ili m'manja, pakamwa pali pululu.

Kamba anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira. Apa ndiye panali pamene achimwene ankanena paja. Akanangokhala chete, mdalayo akanagwira chilichonse, masewera akanasokonekera, ndipo lole ikanapakira. Sakananama n'komwe, kungotseka pakamwa basi. Anawayang'ana bambo ake, tayi itapendekeka, maso akumupempha.

"Oyera, bambo," anatero. "Ndinu oyera. Ndipo ndi nthawi yanu."

Mdalayo anagwedeza mutu kuthokoza. Anayang'ananso bolodi, ulendo uno ngati munthu wodutsa amene waima kuonerera masewera a eni ake. Maso anayenda kuchokera pa mabishopu, kupita pa hatchi, kukafika pa kwini. Pang'onopang'ono nkhope inawala.

"Koma oyerawa asewera bwino," anatero. "Taonani. Anataya maponi dala ameneyu."

Anagwira kwini, nadya poni uja, namukhazika pambali pa mfumu yakuda.

"Chekimeti."

Wometa anayesa kuomba m'manja, koma anaomba kamodzi kokha n'kusiya. Anakoka kasitomala wake pa nsalu ija, awiriwo nabwerera kwawo mwakachetechete. Kuwala kunalowanso m'shopu.

"Mwapambana, bambo," anatero Kamba. "Mukhala."

"Kamba!" Achimwene analowa. "Wamva wekha zimene afunsa. Sitingathe..."

"Lamulo ndi lamulo, achimwene. Kauzeni dalaivala azipita."

Ankalankhula molimba, koma m'kati anali atayamba kale kuwerengera m'mutu: azidzagona kuno masiku ena, achotse fyuzi ya chitsulo chija, apemphe wometa azisuzumira. Ankadziwa kuti zonsezo sizikwanira.

Bambo sanasangalale monga ankachitira kale, kuimirira n'kugwira anthu chanza. Anangoyang'ana kwini wawo. Chala chawo chinkasisita m'mphepete mwa tebulo pamene moto unalekezera.

"Kamba."

"Bambo."

"Ndinakufunsa chiyani posachedwapa?"

"Palibe, bambo. Mumangoganiza mokweza."

"Usandinamize. Sunandinamize pa bolodi, usayambe tsopano."

Kamba anayang'ana pansi. Misozi inagwera pa bulauzi. "Munafunsa ngati ndinu oyera kapena akuda."

Mdalayo anagwedeza mutu kangapo, pang'onopang'ono, monga ankachitira akatsegula wailesi n'kupeza kuti chimene chapsa sichipezekanso m'masitolo. Kenako anagwira tebulo n'kuimirira, nakonza tayi, napisa m'thumba la jekete. Anatulutsa mulu wa makiyi a shopu n'kuuika m'manja mwa mwana wawo wamwamuna.

"Uwauze anyamata opakira katunduwo kuti ma TV asawagoneke chafufumimba. Aimirire, galasi liyang'ane matiresi."

"Bambo, mwapambana," anatero Kamba. "Simukukakamizidwa."

"Ndikudziwa kuti ndapambana. N'chifukwa chake ndikukwera ndekha."

Achimwene, munthu wa mawu ambiri uja, anangoima ndi makiyi m'manja, akupukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. Bambo anayenda kulinga kukhomo. Atafika pa shelefu yomaliza anaima, nagwira kawailesi kofiira kamene kanali katapukutidwa bwino, chingwe chake chitakulungidwa mwaudongo.

"Aka musapakire. N'kamwini, ndinakamaliza. Mukasiye kwa wometa, mwini wake adzakatenga. Mumuuze kuti ndi ka a..."

Anaima. Milomo inayenda osatulutsa mawu. Anayang'ana kawailesiko, nayang'ana ana awo, wina kenako mnzake.

"Adzakazindikira yekha, bambo," anatero Kamba.

"Eya," anavomera mdalayo. "Adzakazindikira."

Anatuluka padzuwa, napita ku lole. Sitepe yake inali yaitali, ndipo anayesa kawiri asanakwere. Kamba anaima kumbuyo kwawo, manja ali okonzeka, koma sanawagwire.